Kamwala Sikanasweke, Chimwala Chasweka

LOLEMBA

M'mawa.
Ndakwiya. Ndikuyamba ndi mawu amenewa kuti tsiku lina ndikadzawerenga ndisadzaganize kuti ndinali wosangalala.

Loweruka lino ndi chinkhoswe cha Takondwa. Mwana wanga, wobereka ine. Dzulo abale a mkazi wanga anakhala pansi pa mango kugawana ntchito. Alamu anga a Sipiriyano, poti ndiwo malume a mwana, ndiwo ankhoswe. Adzayankhula, adzalandira tambala, adzakhala pampando wa khushoni. Amake Takondwa ndi ang'ono awo: mpunga, nyama, thobwa. Nanga ine bambo wake?

"Inu alamu mukangobwereka mabenchi ku tchalitchi. Musavutike."

Musavutike! Imvi zamera ndili pachikamwini pamudzi pano. Nyumba ndinamanga ndine, koma ili pa dothi la eni ake. Mango ndinabzala ndine, koma akapsa anthu amati mango a kwa a Sipiriyano. Lero mwana akukwatiwa, ine ndine wa mabenchi.

Ayi.

Kutsogolo kwa nyumba kumadutsa ngalande yotaya madzi ochokera ku sikimu ya mpunga ya Likangala. Si yaikulu. Achinyamata amangolumpha, akuluakulu amayamba apemphera. Powolokera pali mitengo iwiri ya bulugamu imene chiswe chinaitsiriza kale m'kati. Alendo a ku Zomba, a nsapato zosongoka, adzadutse pamenepo?

Ndalengeza pamaso pa onse: ndimanga mlatho. Wamwala. Mwala umodzi wathyathyathya, kuchokera tsidya lino kukafika tsidya ilo.

Alamu akuti: "Kwathu kuli matabwa a bwato langa lakale lija. Tingoyala, zatha."

Matabwa onunkha matemba! Pa chinkhoswe cha mwana wanga!

Masana.
Ndili ku kaphiri kakuseri kwa sukulu. Miyala yake ndi yosanjikizana bwinobwino, ngati zitenje zopinda m'sutikesi. Ukalowetsa tchizulo pamzere, umachoka wokha wathyathyathya. Mulungu anachita kuwotcheratu masilabu, anthu a pamudzi pano n'kumangoyanikapo chigwada.

Ndabenthula kachidutswa konga sopo wochapira.

Madzulo.
Mayeso! Ine sindichita zinthu mwachimbulimbuli. Njerwa ziwiri, kamwala pamwamba, pakati mpata.

Ndapondapo: zii.
Ndalumphapo: zii.
Ndasenza thumba la mpunga n'kuimapo ndi mwendo umodzi: zii. Msana wanga ndi umene walira.
Ndapempha amake Takondwa aimepo, poti iwo ndi athupi. Akuti ndibwerezenso mawu amenewo ndione kumene ndigone.

Kamwala kakadali kamoyo. Ngati mwana ali wolimba chonchi, nanga make?

Zofunika:
hamala yaikulu
chitsulo chotukulira
ngolo ya Che Sumaili
anthu otseka pakamwa

LACHIWIRI

M'mawa.
Kazitape ali m'nyumba mwanga momwe. Takondwa anandijambula pa foni ndili ndi mwendo umodzi pakamwala, n'kutumiza kwa mnyamata wake.

Mnyamatayo dzina lake ndi Limbani. Ntchito yake ndi kuswa miyala. Sindikunama. Amavala jasi loyera, amalowa m'chipinda chimene amati labu ku Zomba, amaswa miyala ndi mashini kuti omanga misewu adziwe kulimba kwake, pakutha pa mwezi amamulipira. Limbani, woswa zinthu. Ndi amene ndikumupatsa mwana.

Watumiza mawu. Takondwa wandiikira foni pakhutu ndikumwa tiyi.

"Uwauze adadi mwaulemu kwambiri kuti kasampulo kakang'ono kamanamiza. Ife timadula mwala umodzi womwewo, tina tating'ono, tina tokulirapo, tozungulira ngati zitumbuwa, n'kumakanikiza mpaka ting'aluke. Tating'onoto timapirira kwambiri ukayerekeza ndi kukula kwake. Waukulu umakhala ndi ming'alu yambiri yobisika, ndipo mwala umathyokera pamene pali pofooka, sufunsa za polimba. Ukakhala wosanjikizana ndiye zimanyanya. Komanso silabu ikagona pangalande, pamwamba pamakanikizika koma pansi pamakokeka, ndipo mwala sugwirizana ndi kukokedwa. Koma uwauze mwaulemu."

Mwaulemu! Tiyi wandipalira.

Mayankho anga:
Mwala sukokedwa. Si chingwe. Si ng'ombe.
Chachikulu n'cholimba kuposa chaching'ono. Funsani aliyense amene anamenyedwapo ndi mkulu wake.
Munthu sanapereke n'tambala yemwe, wayamba kale kuphunzitsa apongozi.
Ndani anamufunsa?

Takondwa akuti: "Adadi, ndiye ndimuyankhe kuti chiyani?"
Ndati amuyankhe kuti mabenchi akwana.

Masana.
Kuphiri. Dzuwa likuwotcha ngati lili ndi mlandu ndi ine. Ndasankha mwala waukulu ngati chitseko. Ndaukhoma m'mbali mosamala, ndalowetsa chitsulo, ukusuntha. Amuna awiri odutsa ndi njinga andithandiza kuutukula.

Tangouimika chonchi, wati phaa! Wagawanika pamzere wake, kuchokera pamwamba mpaka pansi, ngati munthu akutsegula buku. Mmodzi wa amuna aja wati, "Pepani achimwene." Pepani wa chiyani? Ndinali ndi silabu imodzi, tsopano ndili nazo ziwiri. Zopyapyala pang'ono, inde. Koma ziwiri.

Madzulo.
Amake Takondwa akufunsa za mabenchi. Mabenchi sathawa.

Alamu adutsa pakhomo, manja kumbuyo. "Mlatho uja wafika pati, alamu?" Ndati uli m'njira. Akuti, "Ukuyenda wokha?" Aseka okha, mano onse panja.

Zala ziwiri zatupa. Hamala ya munthu wina siidziwa dzanja lako.

LACHITATU

M'mawa.
Che Sumaili abwera ndi ngolo. Munthu wabwino, wosalankhula zambiri, amanyamula nsomba zouma kuchokera ku Kachulu ndi mpunga kuchokera ku sikimu. Ayang'ana masilabu anga awiri, akanda ndevu.

"Bambo, ine ndimanyamula matumba. Thumba likagwa limadzuka. Izi kaya."

Ndati ayendetse ng'ombe, zoganiza andisiyire.

Masana.
Tafika.

Ndikubwereza: ife tafika. Ine, Che Sumaili, ng'ombe ziwiri. Masilabu sanafike. Chafika ndi mulu wa zidutswa.

Yoyamba yathyokera padzenje lapafupi ndi chigayo. Yachiwiri yapirira mpaka pomwe tikuonera denga la nyumba yanga, kenako gudumu lagunda muzu, ndamva kuti tswee kumbuyo kwanga. Sindinacheuke. Mwamuna amadziwa.

Olakwa:
msewu
amene analonjeza kukonza msewu
ng'ombe yakumanzere, imene imayenda ngati yaledzera
Limbani, chifukwa pakamwa pake m'poyambitsa tsoka

Madzulo.
Poti zidutswa zilipo zamisinkhu yonse, ndaganiza zomutsutsa mnyamata uja ndi umboni. Njerwa, mpata, mwendo wanga. Chidutswa chikamakula ndikutalikitsanso njerwa, monga zidzakhalire pangalande.

Konga sopo: kolimba ngati Lolemba.
Konga mbale: kolimba. Ndavinapo pang'ono.
Chonga lichero: chandinyamula, koma nditasenza thumba chalankhula kenakake chapansipansi.
Chonga windo: ndangoikapo phazi lachiwiri, ndapezeka ndakhala pansi. Njerwa yandimenya pachigongono.

Abakha aona zonse.

Takondwa waima pakhonde, foni m'manja. Ndamuyang'ana. Wailowetsa m'thumba pang'onopang'ono.

Izi sizikutsimikiza kanthu. Zidutswazi zatopa ndi ulendo. Komanso zinali zopyapyala. Vuto ndi kupyapyala, si kukula. Mawa ndikatenga make weniweni, wonenepa, woti ngakhale thirakitala idutsepo.

Pamene ndikulemba pano amayi a pamudzi akutola zidutswa zanga ngati kwagwa mwayi. Wina akuti chokwechera mapazi. Wina chovundikira mtsuko. Apongozi anga aakazi, amene maso awo amati saona, asankha chosalala kuposa zonse, akuti choperera nsinjiro, ndipo atumiza mawu kudzera kwa mwana wawo: "Auzeni bambo a Takondwa kuti zikomo, nthawi ino aganiza bwino."

Nthawi ino!

LACHINAYI

M'mawa.
Ndamupeza. Make wa miyala. Wautali kuposa ine nditagona nditatambasula manja, wonenepa ngati mkono wanga kuchokera pachigongono mpaka padzanja. M'mbali mwake mizere ikuoneka yambirimbiri, yotuwa ndi yakuda, kukongola kwake ngati nsalu ya suti.

Anthu ounyamula ndawapeza pamsika: asodzi amene mwera wawaletsa kulowa m'nyanja. Ndawalonjeza thobwa la chinkhoswe. Amake Takondwa sakudziwa.

Kuti zadzulo zisachitikenso ndayala mapesi a mpunga m'ngolo. Pamwamba pa mapesi, matiresi. Matiresi atsopano aja, amene amake Takondwa anagulira alendo ogona. Ali ku chigayo, sindinathe kuwapempha.

Masana.
Kukweza mwala m'ngolo: kukuwa, kutukwana, nyimbo yokokera khoka. Ngolo yalira ngati mbuzi. Che Sumaili apemphera m'chinenero chawo, ine m'changa. Tayenda ngati tanyamula maliro a mfumu, ine kutsogolo kuchotsa timiyala mumsewu ndi manja.

WAFIKA WATHUNTHU!

Ndikulemba ndi zilembo zazikulu kuti a ku Zomba aone.

Taugoneka pangalande. Wakhala ngati unabadwira pomwepo. Ndawoloka. Ndabwerera. Ndawolokanso ndi njinga. Asodzi aombera m'manja, kenako afunsa za thobwa.

Mitengo iwiri yakale ija ndaizula, ndaiwaza, ndaipereka kukhitchini ikhale nkhuni. Zakale zapita. Pamudzi pano tsopano polowera ndi pamodzi, ndipo ndi panga.

Madzulo.
Matiresi ang'ambika pakati, thonje lake lili mumsewu monse kuchokera kusukulu. Thobwa la mumgolo woyamba latha. Amake Takondwa sakundilankhula. Akulankhula ndi mphika, mokweza, ndipo mphikawo ukumva zinthu zoopsa zokhudza ine ndi mtundu wanga wonse.

Zilibe kanthu. Matiresi amatha. Mwala sutha.

Alamu abwera. Azungulira mlatho. Agwada, asuzumira pansi pake. Augogoda ndi ndodo, uku khutu atatchera. Adzuka, apukuta mawondo.

"Mmm."

Basi. Mmm. Munthu wagwira ntchito yoti boma likanamupatsa mendulo, iwo akuti mmm. Ndipo pobwerera kwawo sanawolokere pamlatho. Alumpha ngalande, munthu wamkulu, wa zidzukulu. Nsanje imapatsa mphamvu m'miyendo.

LACHISANU

M'mawa.
Pali kamzere.

Si mng'alu. Ndi kamzere. Kali m'mbali, chapansi, pakati penipeni pa mlatho, kopyapyala ngati tsitsi. Dzulo kanalipo? Mwina kanalipo. Mwala uli ndi mizere yambiri, ndiye ubwino wake. Koma mizere inayo ndi yogona. Aka kaima.

Ndakamata ndi dothi. Ndapaka laimu mlatho wonse. Wayera mbee, wokongola kuposa guwa la ku tchalitchi.

Kazitape wagwiranso ntchito. Mawu ena ochokera ku Zomba:

"Mlathowo ndi wokongola zedi, uwayamikire adadi. Kungoti ngati n'kotheka aike mzati pakati kuti mpata uchepe. Zikakanika, anthu azidutsa mmodzimmodzi. Chonde, Tako, mmodzimmodzi."

Amamutcha Tako. Dzina ndinapereka ndine lathunthu, iye waliswa kale.

Mzati sindiika. Ndine ndani, wophunzira wake?

Masana.
Ndaika mzati. Osati chifukwa cha iye. Ndinali ndi njerwa zotsala ndipo zimangodzaza malo.

Ndalowa m'ngalande, matope mpaka m'ntchafu, misundu iwiri yandipeza. Ndasanja njerwa pakati mpaka zagunda mwala. Zakhala bwino.

Pasanapite nthawi zinyalala zayamba kukodwa panjerwa. Mapesi, mapepala a shuga, nsapato ya mwana. Madzi aima. Madzi akwera. Madzi apeza njira ina, ndipo njirayo ndi pabwalo pathu, pamene amayi asanja mafuwa ophikira mpunga wa mawa.

Moto wazima. Nkhuni zikuyandama. Mng'ono wawo wa amake Takondwa wakwera pamtondo atanyamula nkhuku. Mwini munda wakumtunda wabwera akuthamanga, akuti madzi abwerera m'nazale mwake, akanena ku komiti ya sikimu.

Ndalowanso m'ngalande. Ndachotsa njerwa. Misundu ina.

Madzulo.
Ndalemba chikwangwani pakatoni: CHONDE MMODZIMMODZI. Ndachikhoma pamtengo pafupi ndi mlatho.

Amake Takondwa alankhula nane koyamba kuyambira dzulo: "Alendo a mwana wanga si ng'ombe za kudibi." Achizula. Pano akukupizira moto.

Ndaona chinthu china. Amayi onse obwera ndi mitolo ya nkhuni ndi ndowa za madzi sakudutsa pamlatho. Akukwinya zitenje, akulowa m'madzi, akutulukira tsidya lino. Mlatho woyera uli pomwepo, iwo akusankha matope. Ndafunsa mmodzi. Akuti, "Tikuopa kuudetsa, bambo."

Bodza lopanda ndi mchere womwe.

Mabenchi! Ndaiwala mabenchi. Ndathamangira ku tchalitchi, akuti alamu anatenga kale Lachitatu.

Suti yanga ndaisita ndekha. Ili pamsomali. Mawa ndiima pambali pa mlatho, ndilandira alendo mmodzimmodzi ndi dzanja langa, ndipo wina akadzafunsa kuti anamanga ndani, sindidzayankha. Ndidzangoyang'ana pansi modzichepetsa.

LOWERUKA

M'mawa.
Kamzere katulukira pa laimu. Katalika. Ndapakanso laimu.

Ndikadali ndi kabudula wantchito ndi malaya a laimu. Suti ndivala alendo akayandikira, kuti isade.

Madzulo.
Ndilemba mwadongosolo, chifukwa mawa anthu adzawonjezera zawo.

Minibasi yafika msanga, ine ndisanavale. Yaima kumsewu. Atsika anthu ambiri kuposa amene minibasi imanyamula. Ndathamangira pamlatho ndi burashi m'manja.

Sakubwera mmodzimmodzi. Akubwera ndi nyimbo, mwamdipiti, akuvina. Kutsogolo ankhoswe a kuchimuna, a Makwinja, munthu wamkulu ngati nkhokwe, suti yabuluu, tambala wofiira m'khwapa. Kumbuyo kwawo amayi a mabeseni pamutu. Limbani ali kumapeto, ndipo ndamuona nkhope ikusintha atangoona mlatho.

Ndakweza manja. "Mmodzimmodzi, chonde!" Mayi wina wandipatsa chikwama chake kuti ndimunyamulire. Akuyesa ndine waganyu.

Komabe zikanatheka. A Makwinja anali atatsala pang'ono kufika tsidya lino. Koma pali mnyamata wojambula zithunzi, wa tsitsi ngati chisa cha mpheta, amene ndidzamukumbukira mpaka m'manda.

"Imani pomwepo, ankolo! Pamlatho poyerapo, pakuwala bwino! Amayi, yandikirani! Nonse! Thinanani!"

Athinana.

Limbani wakuwa, "Ayi, ayi, tsikani!" Ine ndakuwa. Ng'oma yatiposa.

Mlatho sunalire kwambiri. Unangoti thu, ngati munthu waphwanya dzungu. Pakati patsika, mbali ziwiri zadzuka, ndipo a Makwinja alowa m'ngalande ataima chilili, pang'onopang'ono, nkhope ikadali yomwetulira chithunzi. Amayi atatu awatsatira. Beseni la mpunga layandama kulowera kunyanja ya Chilwa. Tambala wawuluka, watera pamutu pa wojambula, wadumphira m'munda, osaonekanso.

Palibe wavulala. Ndikuthokoza Mulungu, ndipo ndikunena zoona. Palibe, kupatula ine, amene ndalumphira m'madzi kukapulumutsa a Makwinja n'kuponda pamsonga pa mlatho wanga womwe. Bondo lapita mbali ina, phazi mbali ina. Mapeto ake a Makwinja ndi amene andinyamula ine.

Tsopano tamverani. Anthu asanathe n'kukuwa komwe, alamu atulukira kuseri kwa khitchini yanga, YANGA, ndi anyamata atasenza matabwa a bwato. Odulidwa kale muyezo wa ngalande. Okhomedwa kale. Akhala ali pamenepo kuyambira Lachinayi, atafundidwa ndi mphasa, ndipo mkazi wanga amadziwa, mwana wanga amadziwa, apongozi osaona aja amadziwa. Awayala. Alendo otsala awoloka ngati palibe chachitika.

Akununkhadi matemba. Palibe wadandaula.

A Makwinja sangayankhule pa chinkhoswe ali matope mpaka m'chiuno. Pamudzi ponse suti ndi ziwiri, ya alamu ndi yanga. Amake Takondwa sanandifunse. Angoichotsa pamsomali. Jekete silinatseke, thalauza lathera pakatumba, koma avala.

Ankhoswe sangabwerenso chimanjamanja. Ana athamangitsa tambala wanga wakuda, amene ndimamusungira mbewu, amupereka kwa a Makwinja kuseri kwa nyumba, a Makwinja azungulira n'kudzamupereka kwa alamu pamaso pa anthu. Nthungululu! Alamu amutukula m'mwamba, akuti, "Taonani kunenepa! Ku Zomba amadziwa kuweta."

Ine zonsezi ndaonera pawindo la kuchipinda, mwendo uli pamtsamiro, nditafunda chitenje cha maluwa. Suti yanga ikupereka malangizo a banja. Tambala wanga akulira m'manja mwa alamu. Atulutsa atsikana ofundidwa zitenje kuti a kuchimuna asankhe wawo, ndipo ine ndamudziwa Takondwa ndi kayendedwe, amaponda ngati ine, chakunja. Atamuvundukula anayang'ana pamzere wa akuluakulu, pamene ndikanakhala. Kenako anayang'ana pawindo. Ndinabisala.

Limbani za mlatho sanazitchulenso. Tsiku lonse. Akanati "ndinanena" ndikanapeza pomugwira. Wangonditumizira mankhwala opaka pabondo.

Mwano wake ndi woterowo.

LAMULUNGU

M'mawa.
Ku tchalitchi sindipita. Bondo lili ngati papaya. Komanso ndikudziwa amene akhale kutsogolo ndi zimene azinong'onezana.

Ndadzikoka ndi ndodo mpaka pangalande. Zidutswa ziwiri zili chilili m'madzi ngati makutu a bulu. Ndayang'ana pothyokapo. Kunja mwala unali woyera bwino. M'kati, pakati pa mizere, muli dzimbiri lofiirira lalikulu ngati chikhatho, ndi timizu touma. Madzi analowamo kalekale, mwina ine ndisanabwere n'komwe pamudzi pano. Anali malo amodzi okha m'chimwala chonsecho. Kwina konse n'kolimba mpaka lero, ndagogoda.

Malo amodzi. Ndikanawaona bwanji, ndine mfiti?

Suti yabwera. Msoko wakumsana waphulika, m'thumba muli fupa la nkhuku.

Masana.
Wakabaza watsitsa mayi wina kumsewu. Ndamumva akufunsa mnzake njira, mnzakeyo akuti, "Upitirire chigayo, ukafika Pogwera Ankhoswe ukhotere kumanja." Dzina lakhazikika usiku umodzi. Masitolo ena amatha zaka anthu asanawazolowere.

Limbani wabwera kudzatsanzika asanakwere minibasi. Wavula chipewa, wakhala pansi patali, pafumbi, ndi thalauza lake labwino. Wafunsa za bondo. Ndati lilipo. Kenako akuti, "Bambo, kuutsitsa mwala umene uja kuphiri wosasweka, ife kuntchito tikanaitanitsa galimoto ya kireni." Ndamuyang'anitsitsa kuti ndione ngati akuseka. Sakuseka. Kapena waphunzira kubisa, zimene pachikamwini zidzamuthandiza.

Ndamuuza kuti akadzamanga nyumba pamudzi pano, mango asabzale. Wati wamva.

Madzulo.
Takondwa wandibweretsera mpunga wotsala ndi chiwindi chimene anandibisira. Wakhala pamkeka, akundipaka mankhwala, akupweteka dala.

"Adadi, ndinalira dzulo. Kenako ndinaona a Makwinja m'thalauza lanu."

Waseka mpaka kugona chammbali. Ndayesetsa kusunga nkhope yamaliro. Yandikanika pang'ono.

Amake Takondwa akuti matiresi ndisoka ndekha, bondo silisoka. Akutinso mabenchi akufunika kubweza, ndipo imeneyo inali ntchito yanga kuyambira pachiyambi. Koma madzi osamba andiikira otentha.

Anthu akuchokera ku mapemphero a madzulo, akuwoloka pamatabwa atatuatatu, anayianayi, ena ndi njinga. Matabwa akungonyuka pang'ono n'kubwerera. Akhalapo mpaka ukwati, ndikudziwa. Akhalapo mpaka ubatizo wa mdzukulu. Ine ndemwe ndizidutsapo popita kumunda, m'mawa ndi madzulo, ndi fungo la matemba m'mphuno.

Amake Takondwa akuti ndipite kwa alamu ndikanene zikomo.

Ndipita. Mawa. Lero ndi Lamulungu, munthu sanyamula zolemera.